Mphaka wathu Phulusa ndi mbale ya Ababa

Okondedwa achemwali anga,

Landirani moni wanga, inu ndi alamu anga pamodzi ndi ana onse pakhomopo. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Bondo lija linaphwa, kapena mukungolikoka mwakachetechete monga mwa chizolowezi chanu? Ife kuno tikudzuka ndithu, koma ndikati tili bwino ndinama, ndipo inu bodza langa mumalinunkhiza ngakhale lili papepala.

Mudabwa kuti ndalemba kalata chonsecho foni ilipo. Nyumba yathu ndi yaing'ono, munthu ukatsokomola kukhitchini wa kuchipinda amakupepesa. Ndipo Ababa mukuwadziwa, ukamawaitana samva, koma ukanong'ona nkhani yosawakhudza amamva mpaka kupuma kwako. Ndiye ndikulemba ndili kuntchito kuno kochapira zovala za hotela, pa nthawi yopuma, nditatsamira tebulo lopindirapo nsalu.

Ndiyambira pa nkhani ya mphaka. Musaseke, ndipo musalumphe mizere, chifukwa kumene ikuthera si kwa mphaka.

Mwana wanu, popita kusukulu yogonera komweko, anatisiyira mphaka wake wotuwa uja, Phulusa, pamodzi ndi malamulo ambiri kuposa a eni nyumba. Akaimba foni amayamba wafunsa za mphaka, kenako agogo ake, ine mayi wake ndimabwera kumapeto ngati nthawi yatsala.

Kutangoyamba kuzizira, Phulusa anayamba kutsegula m'mimba. Pepani, nkhani yake si yowerenga mukudya. Timamuikira beseni la mchenga kubafa, ndipo chibwerere sanaphonyepo. Poyamba tinati wadya mphemvu kapena buluzi, zitha zokha. Zinalekadi, kenako zinabweranso. Lero ali bwino, mawa zamadzimadzi, mkuja zonanda ngati mamina, ndipo tsiku lina ndinaonamo timagazi.

Kenako anayamba kulephera kufika kubafa. Ndinkapeza kuseri kwa mpando, pakapeti, ngakhale mu nsapato ya alamu anu ya kuntchito. Iye mwini ankachita manyazi, ukamuyang'ana ankakabisala pansi pa bedi. Kudya ankadya ngati wabwerekera mimba, koma thupi likungotha. Ubweya unayamba kunyankhalala, ndipo ukamusisita pamsana unkamva mafupa ngati mano a sowo ya Ababa ija.

Mayi eni nyumba anandiimitsa pamasitepe n'kundiuza kuti fungo likufika mpaka kwa iwo, ndipo ngati sitichitapo kanthu, ndisankhe pakati pa mphaka ndi makiyi. Alamu anu anatulutsa mapiritsi awo a m'mimba kuti timupatse theka. Ine ndinakana, ndipo ndinachita mwayi, chifukwa ndinamva pambuyo pake kuti mankhwala ena a anthu amapha mphaka pompopompo.

Ndiye ndinamuika mu basiketi, n'kuphimba ndi thaulo, ulendo wa kwa dokotala wa ziweto. M'basi analira njira yonse moti mayi wina anandifunsa ngati ndanyamula khanda. Chipatala chake chili kuseri kwa depoti, pakati pa ogulitsa matayala ndi ometa tsitsi. Dokotala wake ndi mayi wachitsikana, wamfupi, manja ake ali zipsera zokhazokha za zikhadabo. Anandifunsa mafunso omwe sindinafunsidwepo ngakhale pa mwana wanga weniweni. Zinayamba liti, amapita kangati, mtundu wake ndi wotani, kodi amasanza, kodi amatuluka panja, kodi amadya chiyani kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Anamuika pasikelo, anamuyang'ana nkhama, kenako anamutsina chikopa cha pakhosi n'kuchisiya. Chikopacho chinachedwa kubwerera, ndipo anati ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Anamubaya madzi pansi pa chikopa, n'kundipatsa kabotolo koti ndikatapemo chimbudzi chatsopano. Tsiku lokapereka kabotoloko ine ndinali pantchito, ndiye ndinatuma alamu anu. Anadandaula kuti iwo anaphunzira umakaniko, osati zonyamula zoterezi m'thumba la jekete, koma anapita.

Kuyezako kunatenga nthawi, achemwali. M'chimbudzi sanapezemo njoka za m'mimba, komabe anatipatsa mankhwala ake, ati tizilombo tina timabisala. Sizinathandize. Anamutenga magazi, n'kupeza kuti impso ndi chiwindi zili bwino, koma mavitamini ena achepa chifukwa chakudya chikungodutsa osakhazikika. Anayamba kumubaya jakisoni wa mavitaminiwo. Pomaliza anamumeta pamimba n'kumuunika ndi makina aja amaunikira amayi oyembekezera. Chotupa sanachione, koma anati matumbo akhuthala pang'ono.

Apa ndi pomwe anandikhazika pampando n'kundifotokozera. Anati mwina pali chakudya chomwe thupi la Phulusa likuchikana. Osati chowola kapena chapoizoni ayi, chakudya chabwinobwino chomwe mphaka wina angadye n'kunenepa, monga mmene inu mumatulukira zidzolo mukadya mazira ife tikunyambita zala. Anati chikhoza kukhala nkhuku, ng'ombe, nsomba, ngakhale chomwe wakhala akudya zaka zonsezi. Za mkaka ndiye anachita kugwedeza chala, ati amphaka ambiri akakula mkaka suwayanja, kungoti amaukonda basi. Ine ndinadabwa, poti tonse tinakula tikudziwa kuti mphaka ndi mkaka.

Ndinafunsa ngati pali makina oti angatiuze chakudyacho. Anati palibe odalirika. Njira ndi imodzi: kumuchotsera zonse, n'kumupatsa nyama ya mtundu umodzi yomwe sanailawepo chibadwire, kwa miyezi iwiri yathunthu. Anatipatsa chakudya cha m'mapaketi chopangidwa ndi nyama ya bakha, kuti tiyambe ndi kusakaniza pang'onopang'ono ndi chakale mpaka chakalecho chitheretu. Pambuyo pake bakha ndi madzi basi. Osati kachidutswa ka buledi, osati kunyambita mbale, osati supuni ya mkaka. Anati kanyenyeswa kamodzi kakhoza kugwetsa ntchito yonse. Ndipo zikakanika, adzamugoneka ndi mankhwala n'kudula kachidutswa ka thumbo kuti akaone ngati muli kutupa kwa mgonagona kapena khansa.

Madzulo ake ndinalengeza lamuloli patebulo. Alamu anu anati tafika pamapeto a dziko, mphaka akudya bakha mwini nyumba akudya nyemba. Ababa anangogwedeza mutu. Ine sindinawaganizire n'komwe. Mukukumbuka mmene ankathamangitsira amphaka ku shedi yawo ya ukalipentala, mpaka kuwagenda ndi zidutswa za matabwa. Chibwerere kuno maliro a Amayi atatha, sindinawaonepo akumukhudza Phulusa.

Tinatsatira zonse. Ndinagula bini ya chivundikiro cholimba, mbale ndinkatsuka tikangotha kudya. Koma mphaka osachira. Sabata ikamayamba ankaoneka ngati wapeza bwino, ikafika pakati zayambiranso. Nditabwerera kwa dokotala n'kumuuza zimenezi, anafunsa kuti Loweruka ndi Lamlungu panyumba pamakhala ndani. Ndinati tonse. Nanga masiku a ntchito? Ndinati bambo anga okha, koma iwo ndi mphaka n'zosayang'anana. Sanatsutse. Anangoti mphakayu satuluka panja, tili pamwamba pa nyumba yosanja, ndiye chilipo chomwe chikulowa m'kamwa mwake kuchokera m'dzanja la munthu.

Mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba ngati nkhuni yoyaka. Ndinawaloza chala alamu anu kuti ndi iwo amamuponyera mapeto a soseji m'mawa ine nditachoka. Iwo anati ndine ndimasiya mapoto osavundikira. Tinakumbutsana ndi zina zosakhudza mphaka n'komwe, za achibale awo, za achibale anga. Panapita masiku tikungopatsirana mchere osayang'anana. Tsiku lina pa chakudya chamadzulo anamenya tebulo n'kunena kuti atopa, mphakayu akamusiya kwa mnzawo wa kugalaja, mwana adzalira n'kutonthola.

Apo Ababa, omwe chibwerere amayankhula ngati akupempha malo, anaika kapu pansi.

"Mphakayu sachoka m'nyumba muno," anatero.

Anadzuka n'kulowa kuchipinda kwawo, chakudya chili chomwecho m'mbale.

Sabata yotsatira, makina otenthetsa madzi kuntchito kuno anawonongeka, ndipo anatiuza kuti tiziweruka masana. Ndinafika kunyumba dzuwa lili pamutu. Ndinatsegula chitseko pang'onopang'ono poganiza kuti Ababa agona. Ndinamva mawu awo kukhitchini, akucheza ngati pali mlendo.

Achemwali, anali patebulo atavala jekete, monga amachitira nthawi zonse pa chakudya. Pampando wanga anayalapo thaulo, ndipo Phulusa anakhala pamenepo mwaulemu wake wonse, miyendo yakutsogolo pamodzi. Ababa ankadula nkhuku yomwe ndinawasiyira m'mawa, tizidutswa ting'onoting'ono, n'kumaika pa sosala. Pambali panali chivundikiro cha botolo chodzaza mkaka wa tiyi wawo. Ankamuuza mphakayo za tsiku lomwe Amayi anapsereza keke ya ukwati wanu n'kunamizira uvuni. Phulusa ankadya akuliza kamkonono kake kaja.

Mkwiyo unandikwera, ndinatsala pang'ono kukuwa. Koma ndisanatsegule pakamwa, Ababa anatenga kachidutswa kamodzi, kochepa ngati njere ya nyemba, n'kuika m'kamwa mwawo. Anatafuna nthawi yaitali. Atameza anaima chilili, dzanja lili pachifuwa, maso atatuluka. Anamwera madzi, madziwo anabwerera. Anapita pa sinki atagwira khoma n'kulavula zonse. Atawerama choncho jekete inakwera, ndipo ndinaona thalauza itakwinyika m'chiuno ngati thumba lomangidwa pakamwa. Lamba wawo anali ndi mabowo atsopano, oboola okha ndi msomali.

"Ababa, n'chiyani chimenechi?"

Anatembenuka, n'kupukuta pakamwa ndi mpango. Sanachite mantha, anangooneka otopa.

"Waweruka msanga, Mzime."

"Ndafunsa kuti n'chiyani."

"Chakudya chikumaima apa," anatero akuloza pakati pa chifuwa. "Chimafika apa n'kukana kutsika."

Ndinawakhazika pansi. Anandiuza kuti zinayamba kusanazizire. Poyamba inali nyama yokha, kenako buledi, tsopano ngakhale mpunga. Zomwe zimadutsa bwino ndi tiyi ndi msuzi. N'chifukwa chake madzulo ankati akhuta za masana, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ankangotakasa chakudya ndi supuni n'kumati mchere wachuluka, kapena kuti nkhalamba sidya ngati mnyamata. Ine ndinkabwera kuntchito n'kupeza mbale ya masana ili mbee, mtima n'kukhala pansi kuti Ababa akudya.

Ndinafunsa kuti bwanji sankangotaya. Anati chakudya chomwe mwana wako wadzukira m'mamawa kukuphikira sungachiponye m'bini ngati makoko. Tsiku lina mphaka anakwera pampando n'kuwayang'ana, iwo anamupatsa, ndipo kuyambira pamenepo anapeza wodya naye. Anati chimwalirire Amayi, masana ndi omwe amawavuta kuposa nthawi ina iliyonse, chifukwa supuni imamveka kwambiri ikagunda mbale m'nyumba mopanda munthu.

Za lamulo la dokotala anati analimva, koma sanalikhulupirire. Ankaona mphaka akuonda, kachakudya ka bakha kali kochepa pansi pa mbale, ndiye ankati tikumupha ndi njala. Ankaganiza kuti akumupulumutsa. Nditawafotokozera bwinobwino kuti nkhuku ndi mkakazo ndi zomwe zikumupweteka m'matumbo, anamuyang'ana Phulusa.

"Ndiye kuti ndine ndakhala ndikumudwalitsa mnzangayu?"

Ndinafunsa chomwe chinkandiwawa kwambiri, kuti bwanji sanandiuze za chifuwacho miyezi yonseyi.

"Ndinkaona mmene mukuvutikira ndi mphaka," anatero. "Uku basi, uku chipatala, uku kukangana ndi amuna ako. Ndinati ngati kanyama aka kagwedeza nyumba chonchi, nanga ine ndikawonjezerapo, itsala?"

Achemwali, ndinalira ngati tsiku lija tinkachokera kumanda. Iwo ndi amene ankanditonthoza, akundisisita pamutu ndi dzanja lomwe latsala mafupa okhaokha.

Alamu anu atabwera ndinawakokera kubafa n'kuwauza. Anakhala pamphepete pa bafa atagwira mutu. Za mkangano wathu palibe anapepesa mnzake, zinangosungunuka. Anatuluka n'kukawafunsa Ababa ngati angamwe msuzi, ndipo anausefa okha ndi kansefa ka tiyi.

Koma za chipatala Ababa anakaniratu. Anati Amayi analowa chipatala akuyenda okha, ndipo tonse tikudziwa mmene anatulukira. Ndinachonderera, ndinakalipa, ndinanena kuti ndikuimbirani inu. Anati ndikakuuzani akwera basi yobwerera kwawo tsiku lomwelo, chifukwa inu muli kale ndi katundu wanu. N'chifukwa chake pafoni ndakhala ndikungoti tonse tili bwino. Mundikhululukire.

Chinawatembenuza ndi mphaka yemweyo. Tsiku lopita naye kukaonedwanso, Ababa anavala jekete n'kunena kuti basiketi anyamula ndi iwo. Tinapita atatu ndi alamu anu. Titafika Ababa anavula chipewa n'kumuuza dokotala kuti wolakwa uja wabwera yekha. Dokotala sanawakalipire. Anati wakumana nazo kambirimbiri, ndipo kawirikawiri wophwanya lamulo amakhala yemwe amamukonda kwambiri mphakayo. Anatenga kakapu koyezera, n'kulemba mzere ndi cholembera, n'kuwapatsa m'manja. Anati kuyambira lero wodyetsa Phulusa ndi iwo, wina aliyense asakhudze. Chakudya cha tsiku lonse achigawe panayi, ndipo gawo la masana azimupatsa patebulo pomwepo ngati akufuna, bola likhale la bakha. Anawonjezera kaufa kothira pa chakudya, ati kamabwezeretsa tizilombo tabwino ta m'matumbo. Miyezi iwiri ija inayambiranso pachiyambi.

Ababa anafunsa ngati adzachire. Dokotala anati ngati vuto ndi chakudya, kuchira kwake ndi kupewa basi. Thupi silidzasintha maganizo, koma akhoza kukhala zaka zambiri ali wonenepa ngati tonse tigwira pakamwa pake. Anatinso akakhazikika tidzayesa kubwezera zakudya chimodzichimodzi, kachidutswa ka nkhuku kokha n'kudikira, kenako nsomba, kuti tidziwe mdani weniweni. Ababa anati za nkhuku asavutike, iwo anayesa kale mokwanira. Dokotala anaseka mpaka kugwira tebulo, n'kunena kuti kuyesa kwawo sikuwerengedwa chifukwa anasakaniza ndi mkaka.

Pobwerera m'basi, alamu anu anakhala pafupi ndi Ababa. Ndinawamva akunena motsitsa mawu kuti mphakayu watizunza miyezi yonseyi chifukwa alibe pakamwa ponenera pomwe pakumupweteka, mpaka tachita kumumeta pamimba. Kenako anati, "Koma inu bambo pakamwa muli napo. Mukufuna nanunso tikumeteni?" Ababa anaseka, kuseka kwenikweni komwe sindinakumve chibwerere. Atatsika basi anati chabwino, tipite.

Phulusa tsopano akupeza bwino. Patangopita masabata awiri, alamu anu anandiitana kubafa ndi mawu achisangalalo ngati timu yawo yagoletsa, kuti ndidzaone chomwe chili mu mchenga. Anthu akuluakulu awiri kuweramira beseni la mphaka n'kumayamikira! Ubweya wayamba kusalala, pamimba pomwe anameta pamera, ndipo pasikelo wakwera pang'ono. Tsiku limodzi lokha zinabwerera, atanyambita pepala lokulungira batala lomwe linagwa pansi. Ababa anatizenga mlandu tonse ngati apolisi. Kakapu kaja amakasunga m'thumba la jekete, ndipo mlendo akabwera amayamba amuuza kuti mphaka wa pano sapatsidwa kanthu. Mayi eni nyumba nawo asiya kundidikirira pamasitepe.

Za Ababa ndiye sindingakuuzeni zokoma chotero. Kuchipatala anawayeza thupi ndi magazi, ndipo anati magazi achepa. Kumayambiriro kwa mwezi wamawa adzawalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kukhosi kuti aone chomwe chatseka njira. Dokotala anati mwina m'mero mwangopanikizika, zomwe amatha kukuza, mwinanso ndi chinthu china chomwe chamera. Dzina lake sanalitchule, koma ponena zimenezo ankayang'ana ine, osati iwo. Atati zikhoza kutheka kuti adzadule kachidutswa kokayeza, Ababa anandigunda ndi chigongono n'kunong'ona kuti zomwe anapulumuka Phulusa zagwera iwo.

Pakadali pano akudya zofewa, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Phala lamadzimadzi lothira mkaka, mbatata yopota, msuzi wosefa, dzira lomenya. Amadya atakhala tsonga, ndipo sagona akangotha kudya. Ndinapempha kuntchito kuti ndizilowa m'mamawa kwambiri kuti masana ndizikhala nditafika. Timakhala atatu patebulo, aliyense ndi mbale yake yomwe mnzake saloledwa kukhudza. Masiku ena amamaliza, masiku ena masupuni ochepa okha n'kukankha mbale. Akakankha sindikakamiza, ndimangotembenukira ku sinki kuti asandione nkhope.

Mwana wanu sindinamuuze za agogo ake. Ali pafupi kulemba mayeso. Ndinangomuuza kuti mphaka wake wanenepa ndipo wapeza bwenzi.

Tsopano ndifike pa chomwe chandigwiritsa cholembera. Dzulo ndikuwasitira malaya, Ababa anaima pakhomo n'kunena kuti ndikuuzeni mutumize suti yawo yakuda ija, yomwe ili mu sutikesi pamwamba pa kabati ya Amayi. Anati mupatsire munthu aliyense wobwera kuno, ndipo ndisakuuzeni chifukwa. Simbi inandigwa m'manja. Ndinawafunsa kuti suti ya chiyani. Anati munthu sukakumana ndi madokotala akuluakulu utavala juzi ngati wopita kumsika. Ananena akumwetulira, koma anawonjezera kuti muikemonso tayi yomwe Amayi anawagulira, ndi nsapato zakuda, ndipo muone ngati njenjete sizinadye kolala. Kenako anafunsa ngati alamu anu akudziwa bwino muyezo wa pa kakapu.

Sindikudziwa kuti ndikhulupirire ziti, achemwali. Mwina ndi ulemu wawo wa masiku onse. Mwina akukonza zomwe ine sindikufuna kuzitchula. Ndayesa kuzisenza ndekha ndipo zandikanika. Ine ndine wamng'ono, kwa iwo ndidakali kamwana kosapirira nkhani zolemetsa, ndiye amandisekera. Inu amakuuzani zoona, ndipo mukawakalipira amamva.

Pempho langa ndi limodzi. Sutiyo itulutseni, muiyanike padzuwa, muisite. Koma musapatsire munthu. Bwerani nayo nokha, mwezi uno usanathe, kuti tsiku lowalowetsa kapaipi kaja adzatione tonse awiri pabenchi. Ndikudziwa za bondo, ndikudziwa kuti ana ali pasukulu. Apempheni alamu anga m'malo mwanga, muwawerengere kalatayi ngati kungafunike. Mudzagona pabedi la mwana wanu, ndipo alamu anu adzakuchingamirani kudepoti. Ababa adzakwiya kuti ndaulula. Asiyeni adzakwiye, bola adzakwiye inu muli pompo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti sindinaiwale ukoma mtima wawo pa nthawi ya maliro. Moni kwa ana onse, kuyambira wamkulu mpaka kamzime kanu kosamva kaja. Moni kwa azakhali, koma nkhaniyi musawauze kaye, mukudziwa kuti akamva iwo ndiye kuti amva onse. Amalume okha muwauze pambali, poti ndi mnzawo wa Ababa kuyambira ali anyamata. Alamu anu akupereka moni, ati mubwere ndi nsapato zofewa chifukwa masitepe athu ndi ambiri.

Belu lalira, ndibwerere ku nsalu za eni ake. Mukalandira kalatayi musaimbe foni ya kunyumba. Ingonditumizirani uthenga wa tsiku lomwe mukwere basi, ine ndidzapeza mawu owauzira Ababa kuti suti yawo ikubwera ndi munthu wodalirika.

Ndatha ine mng'ono wanu wokusowani,

Mzime